Batire la mercury linatha: nanga kamera yakale ya rangefinder muikemo chiyani?

Munthu akapeza kamera yakale ya rangefinder, kamera ya filimu yokhala ndi kachipangizo koyezera mtunda wa chinthu chimene mukujambula, kaya waigula kaya waitulutsa m'sutikesi ya malemu agogo ake, chinthu choyamba chimene amachita ndi kutenga ndalama yachitsulo n'kupotokola kachivundikiro ka pansi kuti aone batire limene lili m'katimo. Nthawi zambiri amapezamo kachitsulo kozungulira kooneka ngati batani la jasi, kolembedwa PX625 kapena PX13, nthawi zina katazunguliridwa ndi unga woyera kapena wobiriwira umene watuluka m'kati mwake pa zaka zonse zimene kamerayo inagona. Batire limenelo linali la mercury, ndipo masiku ano simungalipeze m'sitolo iliyonse yololedwa. Mayiko a ku Ulaya anayamba kuliletsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, dziko la America linakhazikitsa lamulo lake mu 1996, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: mercury ndi poizoni amene amalowa m'nthaka ndi m'madzi mabatire akatayidwa. Kuletsako kunali koyenera, koma kunasiya makamera mamiliyoni ambiri a zaka za m'ma 1960 ndi 1970 opanda chakudya chimene anapangidwira.

Kuti munthu asankhe bwino cholowa m'malo, ayenera kumvetsa chimene batire la mercury linkachita chomwe mabatire ena sachita. Linkapereka mphamvu ya 1.35 V, ndipo linkaipereka mosasinthasintha kuyambira tsiku loyamba mpaka litatsala pang'ono kufa, kenako n'kugwa kamodzin'kamodzi. Amisiri a ku Japan ndi ku Germany anadalira khalidwe limenelo. Mita yoyezera kuwala ya makamera ambiri a nthawi imeneyo ili ndi kachidutswa ka cadmium sulfide, kamene anthu amangokatchula kuti CdS, ndipo kachidutswako kamalola magetsi ambiri kudutsa kuwala kukachuluka, n'kuwachepetsa kuwala kukachepa. Magetsi odutsawo ndi amene amakankha singano imene mumaiona mukasuzumira m'kamera. Popeza batire linali lokhulupirika chonchi, opanga sanaone chifukwa choikamo chilichonse chowongolera mphamvu, choncho batire lenilenilo ndilo linali muyezo. Mukaikamo batire lamphamvu yoposa 1.35 V, singano imanama, ndipo kawirikawiri imanena kuti kuwala n'kochuluka kuposa mmene kulili, mwakuti kamera imatseka kabowo ka lenzi mopitirira ndipo zithunzi zimatuluka zakuda.

Musanagule chilichonse, dziwani kaye gulu limene kamera yanu ili, chifukwa malangizo othandiza kamera ina akhoza kukhala opanda ntchito pa ina. Gulu lalikulu ndi la makamera amene ankadya PX625, ndipo m'gululi muli Canonet QL17 GIII ya mu 1972, Olympus 35 SP ndi 35 RC, Minolta Hi-Matic 7s, Konica Auto S2, Canon 7s, Leica M5 ya mu 1971 ndi Leica CL ya mu 1973. Ena ankadya batire laling'ono la PX675, monga Konica C35, Konica Auto S3 ndi Minolta Hi-Matic 7sII. Yashica Electro 35 ili ndi nkhani yakeyake imene ndifikeko kutsogoloku. Palinso makamera amene mwini wake safunika kuda nkhawa n'komwe. Leica M3 ndi ma Zorki ambiri alibe mita iliyonse, Canon 7 ya mu 1961 ili ndi mita ya selenium imene imadzipangira magetsi kuchokera ku kuwala, pamene Olympus XA, Minolta CLE ndi Leica M6 anapangidwa kuti azidya mabatire awiri a SR44 amene akugulitsidwabe mpaka lero.

Njira imene anthu ambiri amayamba nayo ndi batire la alkaline lolembedwa PX625A, LR9 kapena V625U, ndipo chimene chimawakopa n'chakuti limalowa bwinobwino m'malo mwa lakale lija, popanda chowonjezera chilichonse, komanso n'lotsika mtengo. Mwa njira zonse, iyi ndi imene ine ndimaikayikira kwambiri. Anthu amadandaula kuti limapereka 1.5 V m'malo mwa 1.35 V, koma kusiyana kumeneko pakokha kukanatheka kukukonza, chifukwa munthu akanangotsitsa nambala ya ISO pa kamera, imene imauza mita mmene filimu imamvera kuwala, mwachitsanzo kuika 200 pamene filimu ndi ya 400, n'kumajambula. Chovuta chenicheni n'chakuti mphamvu ya alkaline imatsika pang'onopang'ono moyo wake wonse. Likakhala latsopano limaposa 1.5 V, pakapita nthawi limadutsa pa 1.35 V n'kukhala lolondola kwa kanthawi, kenako limapitirira kutsika mpaka mita n'kuyamba kunama cha mbali inayo, ndipo palibe chimene chimakuuzani kuti lero lafika pati. Kukonza kumene munachita mwezi wa Januwale kumakhala kolakwika pofika Juni. Onjezerani apo kuti kulakwa kwa mita sikufanana pa kuwala konse, pakuti nthawi zambiri kumakula padzuwa n'kuchepa mumthunzi, ndiponso kuti alkaline ndi amene amakonda kudontha akasiyidwa m'kamera. Amene amajambula ndi filimu yopirira, monga Ilford HP5 Plus kapena Kodak Gold 200, akhoza kutulutsa zithunzi zabwino ndithu ndi batire limeneli, koma pamenepo filimu ndiyo ikubisa kulakwa kwa mita.

Njira yachiwiri ndi mabatire a zinc-air, amene amagwira ntchito popuma mpweya kudzera m'timabowo ting'onoting'ono ta pankhope pake. Ubwino wake ndi wakuti mphamvu yake ili pafupi kwambiri ndi ya mercury, pakati pa 1.35 V ndi 1.4 V akamagwira ntchito, ndipo imakhala yokhazikika mpaka atafa, zomwe ndi zimene mita ya CdS imafuna. Amabwera m'njira ziwiri. Pali WeinCell MRB625, amene anapangidwira makamera ndipo ali ndi kamkombero kachitsulo komuthandiza kukwanira m'malo a PX625. Palinso batire wamba la zipangizo zothandiza kumva la nambala 675, limene mungalizindikire ndi kapepala ka buluu komata pamwamba pake, ndipo limagulitsidwa m'mapaketi a mabatire asanu ndi limodzi pa mtengo wotsika kwambiri mukawerengera pa batire limodzi. Samalani ndi mitundu ya timapepalati, chifukwa kachikasu ndi ka nambala 10, kabulauni ka 312, ka olenji ka 13, ndipo onsewo ndi aang'ono moti sangakwanire.

Batire la 675 ndi la mamilimita 11.6 m'mimba mwake, pamene PX625 anali wa mamilimita oposa 15, choncho mukangoliponya m'kamera limagwedera. Mankhwala ake ndi osavuta. Ena amalivala kamphira kozungulira kamene amisiri a mapaipi amaika pa mipopi, ena amagula kambale kamkuwa kopangidwira ntchito imeneyi, ndipo ena amachotsa kamkombero pa WeinCell wakufa n'kukaveka batire latsopano la 675. Kusankha pakati pa kamphira ndi kamkuwa kumadalira mmene kamera imakhudzira batire. Makamera ena amakhudza mbali ya + pankhope, kudzera pa chivundikiro, ndipo kwa amenewa kamphira n'kokwanira. Ena amakhudza m'mphepete mwa batire, ndipo mukaikamo kamphira mumakhala mwatseka njira ya magetsi, n'kuyamba kuganiza kuti mita inafa pamene ili moyo. Yang'anani m'chipinda cha batire ndi tochi musanagule kanthu. Makamera a PX675 alibe vuto limeneli, chifukwa batire la zothandiza kumva ndi lofanana kukula ndi lakale lija ndipo limangolowa.

Choipa cha zinc-air n'chimodzi, koma n'chachikulu. Mukangomatula kapepala kaja, batire limayamba kufa, kaya mukujambula kaya kamera ili m'kabati, chifukwa madzi a m'kati mwake amauma kudzera m'timabowo tomwe tija. Limakhala milungu ingapo kapena miyezi yochepa, ndipo nyengo youma imafupikitsa moyo wake, mwakuti amene akujambula m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala kuno kwathu asayembekezere kuti likhala nthawi yofanana ndi imene lingakhale m'dzinja mvula ikugwa. Ojambula ena amamata timabowo tina ndi utoto wa zikhadabo n'kusiya kamodzi kapena tiwiri, pakuti mita ya kamera imadya magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi chipangizo chothandiza kumva, ndipo ena amabwezeretsa kapepala kaja akamaliza kujambula. Zonsezi zimatalikitsa moyo wake koma siziimitsa kuumako. Kumbukiraninso kulisiya pamtunda kwa mphindi zingapo mukamatula kapepala, lisanalowe m'kamera, kuti lipume n'kufika pa mphamvu yake yonse. Ine ndinataya theka la filimu pa nkhani yomweyi ya kuuma. Ndinaika batire la 675 mu Canonet, ndinajambula zithunzi khumi ndi ziwiri, ndinaika kamera pa shelefu, ndipo nditaitenganso patapita miyezi itatu kukajambula pa chinkhoswe, singano inali itagona pamalo amodzi ndipo batani linakana kutsika, chifukwa kamera imeneyi ikakhala pa A, pamene imadzisankhira yokha kabowo ka lenzi, imadzitseka yokha mita ikaona kuti kuwala sikukukwanira. Paketi ya mabatire otsalawo ndinali nditaisiya kunyumba, ndipo zithunzi zotsalazo ndinazijambula mongoyerekeza, m'nyumba ya mdima, zambiri n'kutuluka zosaoneka.

Pali kamera imodzi imene zinc-air imaisautsa kuposa ena onse, ndipo ndi Leica CL. Chipinda cha batire lake chili m'kati, moti kuti mulisinthe muyenera kuchotsa msana wonse wa kamera, zimene simungachite filimu ili pakati popanda kuiwononga kapena kuikulunga kaye. Batire limene lingafe tsiku lililonse pa milungu yochepa siliyenera kamera yotere. Olympus 35 SP nayo ili ndi khalidwe lake: mita yake ilibe pozimitsira, ndipo kadiso kake sikali pa lenzi pamene chivundikiro chingakaphimbe, choncho imadya batire nthawi zonse pokhapokha itasungidwa m'chikwama chake chamdima.

Njira yachitatu ndi imene ndimaiona kuti imayandikira kwambiri mercury weniweni, ndiyo kachipangizo ka MR-9. Kunja kamaoneka ngati PX625 ndendende, koma kali ndi kadzenje koikamo batire la silver oxide la nambala 386, limene limatchedwanso SR43, ndipo m'kati mwa khoma lake muli ka diode, kachidutswa kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, kamene kamatsitsa mphamvu kuchoka pa 1.55 V kufika cha pa 1.35 V. Silver oxide amafanana ndi mercury pa kukhazikika kwa mphamvu, sauma ngati zinc-air, ndipo mu kamera imene lenzi yake imavalidwa chivundikiro akhoza kutha chaka kapena kuposerapo. Kampani ya Kanto Camera ya ku Japan ndi imodzi mwa zodziwika popanga tizipangizoti. Mtengo wake ndi wokwera poyamba, makamaka mukawerengera kutumiza kuchokera kunja, koma mumagula kamodzi kokha, ndipo kachipangizo kamodzi kakhoza kumasamuka pakati pa makamera angapo. Chenjezo lofunika n'lakuti pa intaneti pali timbale tamkuwa tambiri totsika mtengo tolembedwanso kuti MR-9 koma topanda diode. Timeneto ndi tothandiza pa batire la zinc-air la 675, monga ndanena kale, koma mukaikamo silver oxide kamera imalandira 1.55 V yonse. Ngati wogulitsa sananene momveka kuti kachipangizoko kamatsitsa mphamvu, dziwani kuti ndi kambale chabe. Komanso musaikemo alkaline wa LR43 m'kachipangizo ka diode, chifukwa diode imangochotsa gawo la mphamvu, siiwongola mphamvu imene ikutsika yokha.

Ngakhale kachipangizo kenikeni kali ndi malire ake. Mphamvu imene diode imachotsa imasintha pang'ono malinga ndi magetsi amene kamera ikukoka, choncho kamagwira bwino pa mita wamba ya CdS koma sikayenera zipangizo zodya magetsi ambiri, ndipo pa makamera ena batani loyezera batire limaonetsa ngati batire lafooka pamene lili bwino. Mukayeza kachipangizoko ndi mita ya magetsi kali kunja kwa kamera mukhozanso kuona nambala yoyandikira 1.55 V n'kuganiza kuti mwaberedwa, pamene chifukwa chake n'chakuti diode imatsitsa mphamvu pokhapokha magetsi akuyenda.

Njira yachinayi imasamutsa vuto kuchoka pa batire n'kulipititsa m'kamera. Mmisiri wodziwa makamera akhoza kuwotcherera ka diode ka mtundu wa Schottky pa waya wochokera ku batire, kapena kusintha mita yonse kuti izilondola pa 1.55 V, ndipo kuyambira pamenepo kamerayo imadya silver oxide wamba wa SR44, amene amalembedwanso 357. Kwa munthu amene ali ndi kamera imodzi yokondedwa imene amajambula nayo mlungu uliwonse, makamaka Leica M5 kapena CL imene ikupita kale kokatsukidwa ndi kuthiridwa mafuta, iyi ndiyo njira yomaliza nkhani. Chovuta ndi kupeza mmisiri woteroyo, pakuti wokonza mafoni kapena mawailesi, ngakhale waluso chotani, sanazolowere timasikuluwu ndi timawaya ta m'kamera ya zaka makumi asanu, ndipo kamera yokonzedwa molakwika imavuta kuibwezeretsa. Amene wasinthitsa kamera yake alembe kapepala n'kukamata m'kati mwa chivundikiro cha batire kapena pamsana, chifukwa mwini wotsatira akadzaikamo zinc-air kapena MR-9 mphamvu idzakhala yochepa kuposa imene mita ikufuna ndipo zithunzi zidzayera mopitirira. Pogula SR44 onetsetsani zilembo, chifukwa LR44 ndi AG13, amene amadzaza m'misika pa mawotchi ndi makakyuleta, ndi ofanana kukula koma ndi alkaline.

Yashica Electro 35, imene inayamba kutuluka mu 1966, inkadya batire lalitali la mercury la PX32 lopereka 5.6 V. Pa kamera imeneyi batire limayendetsa shutter yenyeniyo, kachitseko kamene kamatseguka kwa kanthawi kuti kuwala kufike pa filimu, mwakuti popanda batire imangojambula pa liwiro limodzi la 1/500 la sekondi, ndipo tinyali take tiwiri, kofiira ndi kachikasu, sitiyaka. Mwayi wake ndi wakuti magetsi ake amapirira kusiyana kwa mphamvu, choncho batire la 6 V lolembedwa 4LR44, 4SR44 kapena PX28 limagwira ntchito bwino. Batire limeneli ndi lalifupi komanso lochepa thupi kuposa PX32, ndiye pamafunika kachubu ndi kasipulingi kodzaza malo otsalawo, ndipo pano adaputala yopanda diode ndiyo yoyenera. Pa Yashica yokha ndi pamene sindidandaula ndi alkaline, malinga ngati mwini akukumbukira kulichotsa posunga kamera. Ngati mwaika batire latsopano koma shutter ikuchita zachilendo, kawirikawiri cholakwa chimakhala kamphira kakang'ono ka m'kati kamene kamafumbutuka ndi ukalamba, kamene ojambula anakapatsa dzina loti pad of death, ndipo palibe batire limene lingakachize. Makamera a PX640, monga Minolta Hi-Matic E ndi Hi-Matic F, amadya mabatire awiri onenepa, ndipo kwa iwo njira yosavuta ndi timbale tiwiri toikamo mabatire aang'ono.

Pali njira ina imene anthu amaiiwala chifukwa siifuna kugula batire. Canonet QL17 GIII, Olympus 35 RC ndi 35 SP, Konica Auto S2, Leica M5 ndi CL onse ali ndi shutter yoyendera masipulingi, ndipo amajambula pa liwiro lililonse chipinda cha batire chili chopanda kanthu. Mukhoza kuyeza kuwala ndi pulogalamu ya pa foni, ndi mita ya m'manja, kapena ndi timita tatsopano tokhala pamwamba pa kamera pamalo oikapo fulashi. Mukhozanso kuphunzira lamulo lakale la ojambula loti padzuwa lowala bwino muchepetse kabowo ka lenzi mpaka pa chizindikiro cha f/16 ndi liwiro loyandikira nambala ya ISO ya filimu, monga 1/125 pa filimu ya 100, kenako muzitsegula kabowo mitambo ikabwera kapena mukalowa mumthunzi. Pa kamera imene kachidutswa kake ka CdS kanafooka ndi zaka, njira imeneyi imaposa zina zonse, chifukwa ngakhale batire lolondola silingakonze diso lokalamba. Imene singayende chonchi ndi kamera ngati Konica C35, imene imadzisankhira yokha liwiro ndi kabowo ndipo ilibe njira yoti munthu asankhe pamanja. Za mabatire a mercury akale amene nthawi zina amaoneka pa intaneti sindichedwapo: ambiri atha mphamvu ali m'paketi, kuwatumiza n'koletsedwa m'mayiko ambiri, ndipo akafa mulibe kowataya.

Chimene chimalekanitsa njirazi kwenikweni ndi kuchuluka kwa kujambula kwanu ndi mtundu wa filimu. Amene wangopeza kumene kamera ndipo sakudziwa ngati mita yake ili moyo ayambe ndi paketi ya 675, chifukwa ndiyo njira yotsika mtengo yoyesera mita pa mphamvu yolondola, ndipo n'kulakwa kuitanitsa MR-9 kuchokera ku Japan musanadziwe ngati singano imasuntha. Amene amamaliza filimu yonse pa tsiku limodzi kapena awiri, monga paulendo kapena paukwati, akhoza kukhalabe pa 675 mpaka kalekale, kumatula latsopano ulendo uliwonse. Amene amasiya filimu m'kamera kwa miyezi n'kumajambula apo ndi apo ndi amene MR-9 imamupindulira. Ndipo amene amajambula ndi filimu ya slide, imene chithunzi chomaliza chimaonekera pa filimu pomwepo, monga Fujifilm Velvia kapena Kodak Ektachrome E100, imene siikhululuka kuwala kukaphonya ngakhale pang'ono, asayese n'komwe alkaline.

Kaya mwasankha njira iti, yambani ndi kutsuka chipinda cha batire. Unga woyera wa alkaline umachoka ndi kathonje koviika mu viniga pang'ono, kenako mupukute mpaka paume, ndipo timalo tokhudza batire muzikhule ndi labala wofufutira pensulo mpaka tiwale. Ngati dzimbiri layenda m'waya, zimene zimachitika kawirikawiri chifukwa madzi odontha amakwera m'kati mwa waya wa kuseri kwa chipindacho, pamafunika kuwotcherera waya watsopano. Onani chizindikiro cha + pa chivundikiro musanaike batire, chifukwa makamera sagwirizana pa mbali imene iyenera kuyang'ana kunja, ndipo mabatire ang'onoang'onowa muwasunge kutali ndi ana, pakuti mwana akameza limodzi ayenera kuthamangitsidwa kuchipatala nthawi yomweyo. Mukamaliza, tulukani panja ndi kamera ndi foni yokhala ndi pulogalamu yoyezera kuwala, muloze zonse ziwiri pa khoma limodzi, koyamba padzuwa, kenako mumthunzi wa mtengo, pomaliza m'nyumba pafupi ndi zenera. Ngati kamera ikusiyana ndi foni mofanana pa malo atatu onsewo, konzani ndi nambala ya ISO n'kulemba kusinthako pa kapepala. Ngati ikulondola mumthunzi koma ikuphonya kwambiri padzuwa, yang'ananinso batire limene mwaikamo musanaimbe mlandu mita.